PA NSANJA YA HABAKUKU

Mau olankhulidwa kwa amai a Chigwirizano pa tsiku la chikumbutso



Lero ndi tsiku la chimwemwe. Tavala zoyera zathu, taimba, takumbukira amai aja amene anayamba ntchito imeneyi ife tisanabadwe, ndipo ambiri a iwo anagona kale. A komiti anandipempha kuti ndilankhule za kukhulupirika kwa Mulungu ndi chilungamo chake. Mutu umenewu ngwosavuta kuulankhula pamene nkhokwe ili yodzaza ndipo ana ali bwino. Koma ine ndikudziwa kuti pansi pa mipango yoyerayi pali mitu imene usiku wathawu sinagone tulo.

Taganizani zaka zimene tadutsamo. Mu 2022 ndi 2023 kolera anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tisanapukute misozi, mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagwa kum'mwera; matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku nkukwirira nyumba za ku Chilobwe, ndipo ku Phalombe, ku Mulanje, ku Chikwawa ndi ku Nsanje midzi inakokoloka. Anthu oposa 600 anapezeka atamwalira, ena mazanamazana sanapezeke konse, ndipo pali amai amene kufikira lero alibe manda oti akalozepo kuti mwana wanga wagona apa. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mtengo wa feteleza, wa sopo ndi wa mafuta ophikira tonse tinauona. Mu 2024 chimanga chinauma chili chiimire chifukwa cha ng'amba, kufikira Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa tsoka. Akulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Tsono mai amene wadutsa mu zonsezi, akagwada usiku nkufunsa kuti, kodi Mulungu mukuona, wachimwa kodi?

Tiyeni titsegule buku la mneneri Habakuku. Ndi kabuku kakang'ono ka mitu itatu yokha, kobisala pakati pa Nahumu ndi Zefaniya, ndipo ena a ife tikalifuna timayamba tayang'ana kaye kutsogolo kwa Baibulo kumene kuli mndandanda wa mabuku. Musachite manyazi, yang'anani ndithu, ndikudikirani.

Munthu ameneyu anakhala m'dziko la Yuda zaka ngati 600 Ambuye Yesu asanabadwe. Inali nthawi yoipa. Mfumu Yosiya, amene anakonza chipembedzo, anali ataphedwa pa nkhondo ku Megido, ndipo mwana wake Yehoyakimu ndiye uja Yeremiya akumdzudzula pa mutu 22 kuti anali kumanga nyumba yake yaikulu ya matabwa a mkungudza pogwiritsa anthu ntchito osawalipira. Aneneri ena amachokera kwa Mulungu kudza ndi mau kwa anthu. Habakuku anachita zosiyana: anatenga kulira kwa anthu nkupita nako kwa Mulungu. Pa mutu woyamba akudandaula kuti waitana nthawi yaitali koma sakuyankhidwa, kuti kulikonse kumene ayang'ana akuona chiwawa ndi kulandana, kuti lamulo lafooka ngati dzanja lakufa, ndi kuti mlandu ukalowa pa bwalo umatuluka utapotoka chifukwa oipa amzinga wosalakwa. Amai anzanga, mau otere ali m'Baibulo. Mzimu Woyera sanawafufute. Chifukwa chake ine sindigwirizana nao amene amati kwa mai woferedwa, tontholani, Mkristu safunsa Mulungu mafunso. Munthu amene sakhulupirira kuti Mulungu alipo sataya nthawi kumfunsa kanthu. Mwana amalirira mai wake chifukwa adziwa kuti mai ali ndi bere.

Ndipo Mulungu anayankha, koma yankho lake linali lowawa kuposa funso. Anati akuutsa Akasidi, ndiwo anthu a ku Babulo, mtundu waukali wa akavalo aliwiro, kuti adzalange Yuda. Zinachitikadi. M'chaka cha 605 Kristu asanabadwe, Nebukadinezara anagonjetsa Aigupto ku Karikemisi. Mu 597 anatenga mfumu ya Yuda ndi anthu omveka kunka nao ku ukapolo. Ndipo patapita zaka khumi kapena khumi ndi chimodzi, Yerusalemu anapasulidwa ndi Kachisi anatenthedwa. Habakuku atamva zimenezi mutu unaima. Zili ngati munthu wadandaula kuti mbewa zikumthera chimanga, ndiye mnzake nkumuuza kuti usadandaule, nditentha nkhokweyo. Anafunsanso kachiwiri, nati, Inu amene maso anu ndi oyera, mungalole bwanji woipa kumeza munthu amene ali wolungama kuposa iye? Apa anapereka fanizo limene amai a kunyanja mulimva msanga. Anati anthu asanduka ngati nsomba zopanda mwini, ndipo Mkasidi akuzikokolola ndi khoka lake, monga usipa ulowera m'chilimira, kenaka akufukiza nsembe kwa khokalo chifukwa ndilo limdyetsa zonona. Anthu opembedza khoka lao sanathe ai. Alipo amene ndalama zao, udindo wao, kapena chibale chao ndi akuluakulu ndizo mulungu wao, ndipo amayenda ngati palibe wina kumwamba.

Tsono atatha kufunsa, mneneri anachita chiyani? Pa chiyambi cha mutu wachiwiri akuti akwera pa nsanja ya mlonda kuti adikire chimene Mulungu adzamuuze. Nsanja timaidziwa ife. Amene tinakulira kumudzi tinakhalapo pa nsanja m'munda wa mapira kapena wa mpunga, kuingitsa mbalame kuyambira mbandakucha, ndipo a m'mbali mwa mapiri analindapo anyani. Wa pa nsanja sakolola tsiku limenelo, ndipo sangafulumize mapira kuti akhwime. Komanso sagona, ndipo sachoka kupita kunyumba chifukwa dzuwa lawawa. Akachoka, zonse zimene analima zimathera mpheta. Ambiri a ife tikakwiya ndi Mulungu timatsika pa nsanja. Timayamba kujomba ku Chigwirizano, Baibulo limachita fumbi, ndipo amai anzathu akabwera kudzationa timati tikudwala mutu. Habakuku anakwiya, koma anakhala pamalo pamene yankho likanampeza.

Yankho linabwera. Mulungu anamuuza kuti alembe masomphenyawo momveka bwino pa magome, kuti ali ndi nthawi yake yoikika, ndi kuti ngakhale aoneke ngati akuchedwa awadikire ndithu pakuti sadzanama. Ndipo pa ndime 4 pali mau aja amene abwerezedwa katatu m'Chipangano Chatsopano, ku Aroma 1, ku Agalatiya 3 ndi ku Ahebri 10, onena kuti chimene chidzasunga moyo wa munthu wolungama ndicho chikhulupiriro chake. Ndifuna tiime pang'ono pa liu limeneli. M'Chihebri liulo ndi emuna, ndipo limachokera ku muzu umodzi ndi Amen amene timanena potsiriza pemphero. Tanthauzo lake ndi kukhazikika, kusagwedezeka, kukhala chinthu choti munthu angachitsamire. Liu lomweli likupezeka pa Eksodo 17, pa nkhondo ya Aisraele ndi Aamaleki. Mose anali pamwamba pa chitunda atakweza manja, ndipo manja aja atalema, Aroni ndi Huri anamkhazika pa mwala, wina nagwira dzanja ili, wina linalo, kotero kuti manja ake anakhazikika kufikira dzuwa litalowa. Kukhazikika kumeneko ndiko emuna. Mwaona kodi? Manja a Mose, munthu wa Mulungu, analema. Anakhala chikwezere chifukwa panali anthu awiri om'gwirira. Dzina lathu lomwe la Chigwirizano likunena zomwezo. Pali mai pakati pathu amene chaka chino sangathe kupemphera, mau akumkanika pakhosi. Ameneyo asathamangitsidwe ndi mafunso akuti bwanji simukuoneka. Mukhazikeni pa mwala, wina uku wina uku.

Kenaka Mulungu akutchula matsoka asanu amene adzagwera wosautsa anzake. Sindiwawerenga onse, mukawerenge kunyumba. Limodzi lokha ndi limene limandigwira mtima: akunena za munthu womanga nyumba yake ndi phindu lachinyengo, nati mwala wa m'khoma udzafuula ndipo mtanda wa kudenga udzauvomereza. Ha! Njerwa zimene zinagulidwa ndi ndalama za ana amasiye zili ndi pakamwa. Malata amene anachotsedwa pa nyumba ya mai wamasiye adzachitira umboni. Makolo athu ankati mlandu suola, ndipo pa bwalo la Mulungu palibe kalata imene imasowa, palibe mboni imene imagulidwa.

Koma ndisakunamizeni, nthawi ya Mulungu ndi yaitali kwa ife. Babulo anagwa m'manja mwa Koresi mfumu ya Perisiya m'chaka cha 539 Kristu asanabadwe. Kuchokera pa nkhondo ya ku Karikemisi ija ndi zaka 66. Khanda limene linali kumbuyo kwa mai wake pamene Habakuku anali kulira, linali gogo wa imvi pamene Babulo anagwa. Ambiri amene anadikira anafa asanaone. Chikhulupiriro chimene tikunena pano nchovuta chotero, ndipo amene amakuuzani kuti mukagula botolo la madzi kapena la mafuta odzozedwa mavuto anu atha sabata ino akukudyerani ndalama za ndiwo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali ngozi ina yoposa imeneyi. Chilungamo chikachedwa, mtima wa munthu umafuna wina woti umloze chala, ndipo kawirikawiri chalacho chimagwera pa nkhalamba yosauka yopanda woiteteza. Mu Januwale 2016 ku Neno, mtsikana atafa ndi mphenzi, anthu okalamba anai anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwao powanenera ufiti. Lamulo la dziko lino, lochokera mu 1911, limati kunenera munthu ufiti ndi mlandu. Nanga lamulo la Mulungu? Ndikufunsa ine, pamene mphekesera zotere ziyamba pa chitsime ndi pa chigayo, milomo imene imazinyamula ndi ya yani? Nthawi zina ndi milomo yomweyi imene imaimba Lachinai. Munthu wotopa ndi kudikira Mulungu amadzipangira bwalo lake, ndipo pa bwalo limenelo amene amafa ndi wosalakwa. Gogo wa m'mudzi mwanu akayamba kutchulidwa, mai wa Chigwirizano apite akakhale pa khonde pake masana, anthu onse akuona.

Tsono wina anganene kuti, ngati Mulungu ndiye woweruza, ife tingopinda manja. Iai. Baibulo lomweli lili ndi amai amene anadikira Mulungu ali pa ulendo wopita ku bwalo. Pa Numeri 27 tikuwerenga za ana aakazi asanu a Tselofekadi: Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza. Bambo wao anamwalira m'chipululu wopanda mwana wamwamuna, ndipo mwa mwambo wa nthawi imeneyo dzina lake ndi gawo lake la dziko zikanatha. Atsikana amenewa anaimirira pamaso pa Mose, pa wansembe Eleazara ndi pa akalonga onse, pa khomo la chihema chokomanako, napempha cholowa cha bambo wao. Mose sanawakalipire kuti akazi salankhula pano. Anapita nao mlanduwo kwa Yehova, ndipo Yehova anati atsikanawo akunena zoona, nalamula kuti likhale lamulo mu Israele. Komatu nkhani sinathere pomwepo. Pa Yoswa 17, dziko likugawidwa, Mose atamwalira kale, asanu omwewa akubweranso kwa Yoswa ndi Eleazara kudzakumbutsa. Lamulo linalipo, koma akanakhala chete kunyumba, ndani akanawakumbukira?

Winanso ndi mai wa ku Sunemu. Timamdziwa pa 2 Mafumu 4 monga mai wochereza alendo, amene anamangira Elisa kachipinda kapamwamba naikamo kama, gome, mpando ndi nyali, ndipo mwana wake atafa anaukitsidwa. Koma ambiri sitifika pa mutu 8. Kumeneko Elisa anamchenjeza kuti kukubwera njala ya zaka 7, ndipo mai uja anasamuka ndi banja lake nakakhala ku dziko la Afilisti. Pobwerera anapeza nyumba yake ndi munda wake zili m'manja mwa ena. Taonani, mai amene anachitira mneneri zabwino, amene anamvera mau a Mulungu posamuka, ndi yemweyo akupeza kuti alibe pogona. Sanakhale pansi kumangolira. Ananyamuka ndi mwana wake kupita kwa mfumu. Ndipo pa ora lomwelo mfumu inali kucheza ndi Gehazi, mnyamata wa Elisa, kumfunsa za zodabwitsa zimene mneneri anachita. Gehazi ali pakati pofotokoza za mwana woukitsidwa, mai uja ndi uyu walowa. Gehazi anati mai wake ndi ameneyu, mwanayo ndi uyu. Mfumu inatuma nduna kuti imbwezere zake zonse, pamodzi ndi zokolola zonse za m'mundamo kuyambira tsiku limene anachoka. Ndani anakonza kuti nkhani ya Gehazi ndi phazi la mai uja zikomane pa khomo limodzi? Mai uja sanadziwe kanthu za kucheza kumeneko. Mbali yake inali kuyenda ulendowo.

Ndikunena zimenezi chifukwa cha chinthu chimene chimachitika pakati pathu, ndipo tonse timachidziwa. Bambo akamwalira, ife a Chigwirizano timafika msanga. Timatunga madzi, timaphika, timaimba usiku wonse pa siwa, timaperekeza mnzathu kumanda. Zimenezi nzabwino ndipo tisazileke. Koma maliro akatha timabalalika, ndipo tsiku limene achibale a malemu abwera ndi galimoto kudzanyamula mipando, makina osokera, mbuzi, ngakhale mabulangete amene ana amafunda, mnzathu amakhala yekha. Ena mwa onyamulawo ndi Akristu a mgonero. Amai anzanga, dziwani kuti kuyambira mu 2011 dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo, limasiyira wamasiye katundu wa m'nyumba amene anali kugwiritsa ntchito, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu angamangidwe nao. Lamulo lilipo, monga linalipo masiku a Yoswa. Chosowa ndi anthu okakumbutsa. Mai amene waika mwamuna wake dzana alibe mphamvu yokaima yekha kwa amfumu, ku ofesi ya DC, kapena ku polisi kumene kuli chipinda chothandiza ozunzidwa. Koma akapita ndi amai anai ovala zoyera, amene akhala chete pa benchi kumdikira, ngakhale mlembi wa pa ofesi amadziwa kuti mai uyu ali ndi anthu. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ndipo abambo amene mwatiperekeza lero, musati nkhaniyi njopanda inu. Lembani wilo mukali moyo. Ndamva ena akuti kulemba wilo nkudziitanira imfa. Mfumu Hezekiya anauzidwa ndi Yesaya kuti akonze za pa banja lake pakuti adzafa, ndipo pambuyo pake Mulungu anamuonjezera zaka 15. Pepala silipha munthu.

Tibwerere kwa Habakuku, timpeze pa mutu wachitatu. Palibe chimene chasintha kunja. Akasidi akubwerabe. Iye akuyamba kukumbukira ntchito zakale za Mulungu, za pa Nyanja Yofiira ndi za m'chipululu, napempha kuti Mulungu azichitenso m'masiku ake, ndi kuti pa mkwiyo asaiwale chifundo. Kukumbukira ndi ntchito imene tabwerera lero. Agogo athu a m'boma la Blantyre anaona njala ya 1949, pamene mvula inakana ndipo anthu anayenda mitunda yaitali kunka ku Ntcheu, ku Mwanza ndi ku Mozambique kukasuma. Amai okalamba a kumeneko ankasimba kuti amuna ena anapita kukafuna chakudya osabweranso, nakakwatira komweko, ndipo amene anatsala ndi ana anali amai, kukumba mizu ya kutchire ndi kugwira ganyu kuti apeze gaga. Ambiri a ife tinaona njala ya 2002, pamene anthu anadya zitsa za nthochi. Sitinganene kuti onse anapulumuka. Manda a zaka zimenezo alipo. Koma mpingo uno sunatsekedwe, ndipo amene mwakhala pa mabenchi apa ndinu ana ndi adzukulu a amai amene anagawana kambale kamodzi ka phala napempherabe.

Potsiriza pa buku, mneneri sakubisa mantha ake. Pa ndime 16 akuti m'mimba mwake mukubwadamuka, milomo ikunjenjemera, miyendo ikugwedera. Ndipo ali chinjenjemerere chotero akuwerenga zimene zingatayike, chimodzi chimodzi: mkuyu, mpesa, azitona, minda, nkhosa, ng'ombe. Akanakhala wa kuno akanati chimanga chapserera, mtedza wafumbwa, chinangwa chaola ndi madzi, nkhuku zatha ndi chitopa, khola la mbuzi lili pululu. Sakuti zimenezi sizidzachitika. Akuti zikachitika zonsezo, iye adzakondwerabe mwa Mulungu wa chipulumutso chake, amene adzalimbitsa mapazi ake ngati a nswala yoyenda pa matanthwe. Amene munaonapo mbuzi ikukwera m'phiri pamalo poti munthu sangaponde mukudziwa chimene akunena. Phirilo silinasalazidwe, koma mwendo wapatsidwa mphamvu.

Pali kanthu kamodzi kamene ambiri timakadumpha powerenga. Mzere wotsiriza weniweni wa bukuli ndi malangizo opita kwa mtsogoleri wa oimba, akuti pempheroli liimbidwe ndi zoimbira za zingwe. Ndiye kuti kudandaula kwa munthu mmodzi uja, ndi mantha ake omwe, zinaperekedwa kwa kwaya kuti mpingo wonse uziimba m'nyumba ya Mulungu. Tsono Amai Mtsogoleri, ngati mundilola, ndipempha amai a kwaya aimirire atitsogolere nyimbo, ndipo pamene tikuimba, amai onse amene mwaferedwa amuna kapena ana m'zaka zimenezi mubwere kutsogolo kuno. Aliyense wa iwo asabwere yekha; amai awiri amene mwakhala naye pafupi nyamukani naye, wina ku dzanja ili, wina ku linalo, kuti abusa atipempherere.